Tauni ija ili kuseri kwa mapewa athu

Matepi a kanema a bambo anga onse ndi a ife ana. Ife tikudya, ife tikusambira, ife tikulira poti wina walanda mnzake chidole, amayi akubisa nkhope ndi dzanja uku akunena kuti "tachotsani chinthu chanucho", basi zomwezo chaka ndi chaka. Bambo sanaganizepo zojambula tauni, tauniyo inalipo basi, imadzuka nafe nkugona nafe, ndiye munthu ungaonongerenji tepi yodula pa khoma loti uliwonanso mawa. Koma lero ndikayatsa makanemawa pa laputopu maso anga sakhala pa ife ayi, amathawira kuseri kwa mapewa athu, komwe kukudutsa munthu ndi dengu la nsomba, komwe kukuoneka chitseko chosema chitatsekuka pang'ono, kangodya ka msewu, thanga la ngalawa likulowa m'chithunzi nkutulukanso. Kumeneko ndiye kuli Ilha de Moçambique yomwe ine ndimaipukwa, ndipo m'tepimo inalowa mwangozi.

Kwa inu amene simunamvepo za malowa, ndi kachilumba ka m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, kumpoto kwa Mozambique m'chigawo cha Nampula, ndipo dziko lonse lija linatengera dzina pa kachilumba kameneka. Mulitali mwake ndi makilomita pafupifupi 3, mulifupi malo ambiri sipakwana ndi theka la kilomita lomwe, moti pali pena poti ukaima pamphambano umaona madzi uku ndi uku. Vasco da Gama anafikapo mu 1498 nkupeza amalonda achiswahili ndi Aarabu atakhazikika kalekale, ndipo Apwitikizi analamulira dera lonse kuchokera pomwepa mpaka 1898 pomwe anasamutsira likulu ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo. Ife tinakhalako kuyambira chakumapeto kwa ma 1980 mpaka chapakati pa ma 1990, bambo akugwira ntchito za umoyo, ine ndili kamwana ka pulayimale. Kamera inali ya Video8, ija ya timatepi ting'onoting'ono yomwe Sony inatulutsa mu 1985, ndipo anawasiyira bambo ndi mnzawo wa kuntchito wochokera kunja atamaliza kontirakiti yake.

Pali malo amodzi pomwe bambo analoza kamera ku dziko osati kwa ife, ndi pa mlatho. Mlatho uja ndi wautali kupitirira makilomita 3, anaumanga m'zaka za m'ma 1960, ndipo ngopapatiza moti pamadutsa galimoto imodzi basi, mukakumana wina amayenera kukhotera pa timalo totambalala tomwe anasiya apo ndi apo kuti mnzake adutse. Bambo anali kumbuyo kwa pikapu, chithunzi chikungogwedezeka, mphepo ikumenya maikolofoni mpaka sumva kanthu, madzi ataphwa ndipo kunsi kuja azimayi ndi ana ali balalabalala m'matope kutola nkhono ndi nkhanu. Kenako chilumba chija chimayamba kukula pang'onopang'ono, kaye mitengo ya kokonati, kenako madenga, kenako patali makoma oyera a tauni ya miyala, mbali ya kumpoto ya chilumbachi. Kachigawo kameneka nkakafupi zedi koma ndimakabwereza mpaka pakhosi kumanga, chifukwa umu ndi momwe tinkafikira kunyumba tikachoka kumtunda, ndipo thupi langa limakumbukirabe pomwe matayala ankasiya kulira mwa pa mlatho nkuyamba kulira mwa pa dothi.

Tepi yomwe ndimaikonda kwambiri pakona pake pali timanambala tija tosonyeza chaka, 1991. Ndi chaka chomwe UNESCO inaika chilumbachi pa mndandanda wa malo oyenera kusungidwira dziko lonse, koma m'tepimo mulibe mwambo uliwonse, muli masana a Lamulungu wamba pabwalo la kutsogolo kwa São Paulo, nyumba yofiira ija yomwe inayamba ngati sukulu ya ansembe achijezwiti mu 1610, kenako nkukhala nyumba ya bwanamkubwa, pano ndi myuziyamu. Achemwali anga akuphunzira njinga, bambo akuwatsata ndi kamera uku akukuwa "palasa, palasa, usayang'ane pansi!" ndiye poti njingayo ikuzungulira bwalo lonse kamera nayo ikuzungulira, tauni yonse ya mbali imeneyo nkulowamo yokha. Mukuoneka doko lakale lija lolowera m'madzi, ngalawa za matanga zitagona chammbali pa mchenga kudikira madzi adzaze, abambo awiri a mikanjo yoyera ndi zisoti atakhala pa benchi akukambirana zawo osalabadira kamera, anyamata akusoka ukonde, mbuzi, ndi mayi wina atasenza ndowa akudutsa mowongoka bwinobwino, mwana kumsana, kumaso atadzola mussiro, choyera chija chomwe azimayi a kumeneko amapera pa mwala kuchokera ku mtengo. Mayiyo amaoneka masekondi ochepa chabe. Ndimamuimitsa pa sikirini, ndipo ndikamuona ndimamva ludzu, ludzu lenileni la pakhosi, chifukwa nkhani ya madzi pachilumba paja inali ya tsiku ndi tsiku.

Chilumbachi chilibe mtsinje, madzi a m'zitsime zambiri ndi amchere, ndiye amene anamanga tauni ya miyala ija anaimanga kuti izikolola mvula. Madenga anali afulati, madzi amatsetsereka kulowa m'mipaipi nkukagwera m'matanki omanga ndi miyala m'kati mwa mpanda, ndipo mu linga lalikulu la São Sebastião, lomwe anayamba kulimanga mu 1558 ndipo Adatchi analephera kulilanda mu 1607 ndi 1608, muli zimatanki zikuluzikulu zomwe anthu ankatungamobe ife tili ana. Koma nyumba ya miyala ya m'nyanja ndi laimu imafuna mwini wake. Denga limakhala pa mitanda ya mitengo, ukapanda kulimata chaka ndi chaka madzi amalowa, mtanda umawola, denga limagwa, tanki limang'aluka, ndiye mbalame zimabweretsa njere ndipo pakangopita zaka zochepa pakhoma pamera kachere, mizu yake nkumatsika m'ming'alu mpaka kuzinga nyumba yonse. M'matepi a bambo kachere ali paliponse. Pali pomwe ine ndaima kutsogolo kwa khoma kuonetsa yunifolomu yatsopano, ndipo pamwamba pa mutu wanga pali zenera lopanda chotsekera, mizu ikulendewera, ndi utsi ukutuluka, kusonyeza kuti m'bwinja momwemo munali banja likuphika.

Mabanja ambiri otero anali othawa nkhondo. Dziko litalandira ufulu pa 25 June 1975 eni nyumba ambiri anapita ku Portugal ndi kwina, mu 1976 boma linatenga nyumba za lendi, ndipo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula anthu a kumtunda anawoloka mlatho uja ndi mitolo pamutu poti pachilumba panali pobisalika. Anakhala pomwe apeza, ena m'mabwinja, ena kwa abale mothithikana. Bambo sanajambulepo msilikali kapena mfuti, koma nkhondoyo ilimo ndithu ukayang'anitsitsa, ana ochuluka kuposa momwe kamsewu kangakwanire, malaya ong'ambika paphewa, mzere wa ndowa wosaoneka pothera, mashelefu opanda kanthu m'sitolo yomwe amayi akutulukamo. Ndipo tepi ya chakumapeto kwa 1992, atasainirana mtendere ku Rome pa 4 October, ili ndi phokoso lina kwabasi, malole pa mlatho, anthu akumanga akatundu, ena akupita kukaona ngati minda yawo ikadalipo. Ambiri anatsalira pachilumba pomwepo, ana awo ndi a pomwepo tsopano.

Za phokoso ndinenepo, chifukwa apa ndi pomwe Video8 imandigwira. Chithunzi chake nchosalongosoka, mitundu inasuluka, koma mawu alimo onse, moti nthawi zina ndimatembenuza laputopu nkumangomvera. Mukumveka kuitana kwa ku mzikiti, belu la tchalitchi patali, akhwangwala, mafunde akumenya khoma la mbali ya kum'mawa, anyamata akutsatsa nsomba m'Chimakuwa, wailesi ya aneba ikulankhula Chipwitikizi, ndipo pafupi penipeni ndi maikolofoni, pafupi kuposa china chilichonse, mukumveka kupuma kwa bambo. Iwo m'matepimo saonekamo kwenikweni poti ndi amene ankagwira kamera, timangoona chithunzithunzi chawo pa mchenga dzuwa likapendeka, koma katsokomoledwe kawo kalimo, kasekedwe kawo kalimo, ndi kaja ankanena akafuna kuzimitsa, "chabwino, zakwana, batire". Anatisiya zaka zapitazo, ndiye mumvetsa kuti kwa ine tauni ija ndi mawu aja zinamatana, sindingathe kupukwa china osapukwa chinzake.

Pali tsiku lina lomwe anaiwala kuzimitsa, kamera ikulendewera paphewa iwo akuyenda kuchokera kumsika kubwera kunyumba. Chithunzi chake ndi miyala ya pamsewu, nsapato zawo, mizu, mpira wa mapepala ukudutsa, tsinde la khoma. Koma ulendo wonsewo akupatsana moni ndi anthu, pena m'Chipwitikizi pena m'Chimakuwa chawo chothyokathyoka chomwe anthu ankachikonda, wina akuwafunsa za mankhwala a mwana, wina akuwauza kuti nsomba zabwino zibwera madzulo, mayi wina akuwaseka kuti anenepa. Palibe nkhope ngakhale imodzi, koma ndikatseka maso ndimadziwa pomwe akhota, pomwe msewu wapapatiza chifukwa mawu amayamba kubwerera m'makoma, pomwe atulukira kunyanja chifukwa mphepo imabweranso. Mwa zonse zomwe tili nazo, apa ndi pomwe tauniyo imamveka yamoyo kwambiri, ndipo palibe amene ankadziwa kuti akujambulidwa, ngakhale wojambulayo.

Makanema ena omwe andisokoneza mtima si athu ayi. Mdzukulu wa banja lina lomwe linachoka pachilumbachi mu 1975 anaika pa Facebook mafilimu a agogo ake a Super 8, ojambulidwa chakumayambiriro kwa ma 1970, ndipo misewu yake ndinaizindikira nthawi yomweyo. Super 8 ndi kafilimu kenikeni kopyapyala komwe Kodak inatulutsa mu 1965, kankabwera m'kabokosi ka mamita 15, ndipo pa liwiro la zithunzi 18 pa sekondi kankatha m'mphindi 3 ndi masekondi 20, ukatero ukatumize kutali akakatsuke, iwe nkumadikira masabata usanaone chomwe unajambula. Ndiye munthu sankangojambula chilichonse, ankasankha, pang'ono apa, pang'ono apo. Ambiri analibe mawu, a mawu anadzabwera mu 1973, ndipo agogo amenewa anagwiritsa ntchito Kodachrome yomwe ikasungidwa mumdima mitundu yake sisuluka msanga, moti nyanja ikuwala, makoma achikasu ndi apinki akuwala, zonse zili gwa.

Abale, kukongola kwake! Nyumba zomwe ine ndinazidziwa zitasenza kachere, m'filimumo zili ndi mazenera opaka penti, makatani, maluwa pakhonde. Chipatala chachikulu chija cha 1877 chili mbee, masitepe ake osesedwa, munda wa maluwa kutsogolo. Katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka 1522, kali kunsonga kuseri kwa linga, komwe amati ndi nyumba yakale kuposa zonse zomangidwa ndi azungu zomwe zikadaimirira kum'mwera konse kwa dziko lapansi, akukaonetsa madzi atadzaza mpaka m'tsinde mwake, ndendende mmene tinkakaonera ife tikamasambira chapafupi. Ana a zovala zoyera akuthamangira kamera nkumaseka popanda mawu. Ndinalira, ndikunena zoona, ndinapukwa tauni ya nthawi yomwe ndinali ndisanabadwe, ndinafuna ndikadayenda m'misewu yanga yomwe ija madenga onse akadalipo.

Koma nditaibwereza ndinachita zomwe ndimachita ndi matepi a bambo, kuyang'ana m'mphepete. Pali pomwe mayi wa chipewa akukwera gareta uku akumwetulira kamera, ndipo wokoka garetayo akuoneka msana ndi zidendene zokha, wopanda nsapato, mutu wake uli kunja kwa chithunzi. Pali dzanja lomwe likuika mbale patebulo nkuchoka. Pali mnyamata pa makwerero akupaka laimu khoma, kamera nkumudutsa kupita pa maluwa. Anthu ambiri akaonera mafilimu otere amati onani mmene kunalili, anthu anaononga paradizo, ndipo ine mawu amenewa amandipweteka ndipo ndimawakana. Tauniyi inayamba kufota Apwitikizi akadalipo, likulu litapita kum'mwera mu 1898, kenako sitima zikuluzikulu ndi malonda zitasamukira ku doko lakuya la Nacala, moti pofika 1970 imeneyo inali kale tauni yotsalira m'mbuyo yomwe inkangosamalidwa bwino kunja. Ndipo osamalawo madzulo ankabwerera kukagona kumbali ina ya chilumba komwe kamera sinkapita. Gombe lokongola lomwelo ndi pomwe anthu osawerengeka anakwezedwa m'zombo kupita ku ukapolo, ngati chombo cha São José chomwe chinanyamuka apa mu 1794 ndi anthu mazanamazana kulowera ku Brazil nkukasweka pafupi ndi Cape Town. Sindikuti mdzukulu uja asapukwe, nayenso ndi kwawo ndithu, ndipo ndimamuthokoza ndi mtima wonse poti anandionetsa misewu yanga ili ndi madenga. Ndikungoti mphindi 3 nzochepa, ndipo mwini kamera ndi amene ankasankha choti chilowe.

Kamera ya bambo nayo inkathera chapomwepo, pa chipatala. Kuchokera pamenepo kulowera kum'mwera ndi Macuti, komwe kumakhala anthu ambiri a pachilumbachi, nyumba zofolera ndi masamba a kokonati zothithikana, zambiri zitamangidwa m'maenje momwe anakumbamo miyala yomangira tauni ya kumpoto ija, moti ukamayenda pamsewu madenga ena amakhala chapafupi ndi mawondo ako, ndipo mvula ikagwa madzi amakhazikika momwemo. Anzanga ambiri a kusukulu ankachokera kumeneko, mpira tinkakasewera kumeneko, mikanda yakale ija yomwe nyanja imalavula pa mchenga ndi iwo anandiphunzitsa kutola, koma m'matepi athu Macuti imangooneka tsiku lomwe mnzawo wa amayi anatiitana ku ukwati wa mwana wawo. Kunali tufo, gule wa azimayi a kumeneko. Azimayi agwada m'mizere, zitenje zofanana, mipango yofanana kumutu, ndolo zikuwala, ng'oma zafulati zija zogwira m'manja zikulira kumbali, ndipo mapewa ndi manja zikuyenda pamodzi pang'onopang'ono, mosathamanga, mmodzi akutsogolera nyimbo enawo nkumavomera, kenako nyimbo ikatentha amadzuka. Pamenepa bambo anasiya kutijambula ife, kamera inakhazikika pa azimayiwo osagwedezeka, ndipo kumbuyo kwawo mukuoneka timisewu ta pakati pa nyumba, ana atakwera pa khoma, nsalu zoyanika, mphika waukulu pamoto. Batire linathera pakati pa nyimbo. Kachigawo kameneka ndi komwe ndinayamba kukakopera malo angapo ndisanakhudze china chilichonse.

Masiku ano ndikapita kwa amayi timaonera limodzi. Maso awo akuvuta koma anthu amawazindikira ndi kayendedwe.

"Taimitsa pamenepo mwanawe. Bwezera pang'ono. Eya, awo ndi aja ankatigulitsa makala."

"Mukutsimikiza amayi? Nkhope sikuoneka bwino."

"Nkhope ya chiyani, taona mmene akuponyera mwendowo. Anali ndi mapasa, mmodzi anali kalasi imodzi ndi mchemwali wakoyu."

Ine ndimakhala ndi kope, ndimalemba tepi yake, mphindi yake, ndi zomwe anena. Chitseko ichi chinali cha telala, apa panali sitolo ya amwenye yomwe inkatipatsa ngongole mwezi ukavuta, uyu anamira ndi ngalawa, uyu anakwatiwa ku Nampula, mayi wa ndowa uja wa pa São Paulo akuti ankayimba bwino kwambiri pa gulu lake la tufo ndipo anabwerapo kwathu mwana atadwala malungo usiku. Mayi yemwe ine ndinkangomuona ngati wodutsa, kwa amayi ndi munthu wa mbiri yake yonse. Nthawi zina amatopa nkunena kuti "zimitsa, mtima ukundiwawa", ndiye timasiya nkumacheza zina. Achemwali akaimba pa WhatsApp amakangana nawo za kamsewu kena, kuti kankatulukira kumsika kapena kunyanja, ndipo mkanganowo ndimaulembanso.

Matepiwo sakutidikira ayi. Chinyontho ndi kutentha zomwe zimadya makoma a pachilumba paja ndi zomwenso zimadya tepi, ndipo ena mwa athu tinawapeza atachita chuku choyera m'mbali mwa mpukutu. Ngati muli nawo anu kunyumba, chonde musathamangire kuika tepi ya chuku m'makina, imadetsa mitu yowerengera ndipo chukucho chimasamukira ku matepi enawo, imafunika ayiyeretse kaye munthu wodziwa. Makina enieniwo akusowa, Funai ya ku Japan yomwe inali yomaliza kupanga madeki a VHS inasiya mu 2016, ndipo timatepi ta Video8 munthu umadalira kupeza kamera yakale ya Hi8, kapena Digital8 ya mtundu womwe umawerenga matepi akale nkutumiza ku kompyuta. Mafilimu a Super 8 ali ndi matenda awoawo, ukatsegula kachitini nkumva fungo la viniga ndiye kuti filimuyo yayamba kuwola, imakwinyika, imauma, ndipo sizibwerera m'mbuyo, chothandiza nkuisunga pozizira ndi pouma kutali ndi inzake ndi kuikopera msanga, osaiyesa m'pulojekita yakale chifukwa filimu yokwinyika imang'ambika kapena kupsa ndi babu. Kodachrome ija Kodak inasiya kupanga mu 2009 ndipo malo omaliza otsukira anasiya kumapeto kwa 2010, ndiye yomwe inatsukidwa kale ndi yomweyo, palibenso ina ikubwera. Ndipo amene akukukoperaniyo mumuuze kuti asadule kalikonse. Anyamata a ntchitoyi amakonda kuchotsa pogwedezeka, pamdima, pomwe kamera yaloza pansi, amaganiza kuti akukuthandizani. Ine ndinachita kuwapempha mobwerezabwereza kuti andipatse tepi yonse kuyambira pomwe yayambira mpaka pomwe yathera, chifukwa akanadula ulendo uja wa bambo wochokera kumsika bwenzi utapita.

Achemwali anapitako posachedwapa, akundiumiriza kuti ndikaone ndekha, ndipo ndipita. Zithunzi za pa foni yawo nzoyera bwino kuposa matepi onse a bambo. Nyumba zambiri za tauni ya miyala azikonza, makamaka chakufupi ndi 2018 pomwe ankakumbukira zaka 200 chipatsidwireni ulemu wokhala mzinda, ndipo yomwe tinkakhala ife pano amagonekamo alendo, khoma lomwe ndinaima ndi yunifolomu lija alipaka chikasu, kachere anamuzula. Ndimakondwa nazo zenizeni, denga likabwerera nyumba imakhala zaka zina zambiri, ndipo alendowo amabweretsa ntchito kwa ana a anzanga aja. Koma achemwali akuti madzulo misewu ina ya kumpoto kuja imakhala zii, mulibe ana, mulibe utsi, anthu onse ali kum'mwera komwe kukadali kothithikana ndi kotsika, ndipo namondwe Gombe atadutsa mu March 2022 ndi komweko komwe madenga anasasuka ndi madzi analowa m'nyumba. Mtima wanga sufuna mabwinja abwerere ayi, anthu ankavutika m'menemo ndipo ndinaona ndi maso anga. Chomwe ndimafuna ndi phokoso lija, kuti nyumba zokonzedwazo muzimvekanso mwana akulira ndi wailesi ya aneba, ndi kuti anthu omwe akhala akusunga chilumbachi zaka zonsezi akhale ndi malo owuma ogona.

Ndiye ndikupempha, ngati pali wina mwa inu kapena achibale anu amene anakhalako kapena kudutsako ndipo ali ndi tepi kapena filimu ya ku Macuti ya zaka zimenezo, kaya ndi ukwati, mpira, msika wa nsomba, kaya ndi yogwedezeka bwanji, ndilembereni. Ndikufunitsitsa makamaka za nthawi ya m'mbuyo mwa namondwe Nadia wa mu March 1994 yemwe anasakaza m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Nampula, chifukwa mitengo ndi madenga ambiri zinasintha kuchokera pamenepo. Za kukopera ndilipira ndine, tepi yanu ndikubwezerani, ndipo amayi akuti mphamvu zokhala pansi kutchula anthu akadali nazo.